Chakudya chinali mbwee m'nyumba, koma mwana osakwera pasikelo

Mwana wathu wachiwiri atakwana miyezi 9, anamwino a kusikelo anandiuza kuti ndikhale kaye pambali, andiona akathana ndi amayi enawo. Amene munapitako ndi mwana kusikelo mukudziwa kuti mawu amenewa sabwera ndi zabwino. Ndinakhala pabenchi, mwana ali pamiyendo akuseweretsa ndolo yanga, ine maso ali pakhadi. Timadontho ta miyezi itatu yotsatizana tinangondandalikana pamzere umodzi, osakwera, osatsika.

Atabwera anayamba ndi mafunso a masiku onse. Anadwalapo? Ayi. Anatsegulapo m'mimba? Ayi. Akuyamwa? Kwambiri. Kenaka anatsitsa mawu kuti ena asamve. "Mayi, musachite manyazi. Kunyumba chakudya chilipo?"

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma mumtima munandiwawa. Chaka chimenecho chakudya ndiye chinali chonyadira changa. Ine ndi bambo a ana tinali titapangana zosiya kudalira zam'mapaketi ndi zam'zitini, n'kumadya zolimidwa kufupi ndi kumene tikukhala. Sikuti tinali titalowa gulu linalake kapena kuwerenga buku ayi, ndalama ndi zimene zinatikakamiza. Mwana wathu wachisamba anakulira phala la m'paketi, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera, ndipo mwezi usanafike pakati tinkapezeka tikungoyang'anana. Titadziwa kuti wina ali m'njira tinati ulendo uno tisinthe. Kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi kunali kamalo kakang'ono, tinakatipula n'kudzalapo masamba, tomato ndi anyezi. Zina zonse tinkagula kwa alimi apafupi nthawi yokolola, pamene zinthu zimatsika mtengo. Choncho tsiku limene ndinkafunsidwa funso limeneli, m'kachipinda kathu kosungira munali matumba awiri a chimanga, thumba la nyemba, la mtedza, ndi maungu ataunjikana pakona mpaka chitseko kukanika kutsekeka bwino.

Ndinawawerengera zonsezi chimodzichimodzi. Anamvetsera mpaka nditamaliza, kenaka anati, "Mukatapa phala lake pasupuni n'kuipendeketsa, limatani?"

"Limatsika."

"Limatsika mwaulesi, kapena limachucha ngati madzi?"

Ndinangoti chete.

Phala langa linali lamadzimadzi, loti ukhoza kumwera m'kapu. Ndinkaphika choncho dala, poopa kuti lolimba limutsamwa kapena limubindikiritsa m'mimba. Anamwino aja anandifotokozera chinthu chimene mpaka lero ndimachiona m'maso ndikamaphika. Kamimba ka mwana wa msinkhu umenewu n'kakang'ono kwambiri, kamalandira pafupifupi mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Wanga anali ndi makilogalamu 7 ndi pang'ono, kutanthauza kuti pakudya kamodzi malo amene analipo sanali okwana n'komwe kapu yodzaza ya tiyi. Ine kapu imeneyo ndinkaidzaza ndi madzi, ufa wongonunkhiza. Mwana ankakhuta ndithu, mimba kuti tolotolo, n'kugona. Koma ankakhuta madzi.

Ndili m'njira kubwerera ndinkadzifunsa kuti nanga wamkulu uja anakula bwanji osavuta, pamene mayi wake ndi yemweyu? Yankho ndinalipeza madzulo omwewo, nditapempha paketi yotha ya phala la ana kwa mnzanga woyandikana naye nyumba n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo, timene kale sindinkatilabadira. Munali mkaka waufa, mafuta, ayironi wothiriramo (amene amathandiza thupi kupanga magazi), mavitamini ndandanda. Zaka ziwiri zathunthu paketi ija inkandigwirira ntchito imene sindinkadziwa kuti ilipo. Ine nditaisiya, ntchitoyo sinathe, inangosowa woigwira. Ndinachotsa paketi n'kuikapo ufa wa chimanga ndi madzi, n'kumadziguguda pachifuwa kuti mwana wanga akudya zachilengedwe.

Zimene ndaphunzira kuchokera tsiku limenelo zonse zikuzungulira pamenepa. Kufakitale kuli anthu amene ntchito yawo n'kusankha mbewu, kuiumitsa, kuisakaniza ndi zina, kuisunga kuti ipezeke chaka chonse. Mukaganiza zodyetsa banja ndi zolimidwa kwanu komweko, anthu onsewa mwawachotsa ntchito, ndipo wolowa m'malo mwawo ndinu.

Ndinayambira paphala pomwepo. Ufa ndinasiya kugwiritsa wokonola n'kuyamba wa chimanga chogayitsa ndi gaga wake yemwe. Ndinkaphika lolimbirapo, loti likhale pasupuni, ndipo mukapendeketsa lizigwa mochedwa. Lisanapse ndinkathiramo supuni yodzaza ya nsinjiro, tsiku lina dzira lomenya n'kutakasa mpaka lipse bwinobwino, tsiku lina nyemba zophika zochotsa makoko n'kuzinyenya, tsiku lina dzungu lopota. Pomaliza kasupuni ka mafuta ophikira. Mafutawa ali ndi ntchito ziwiri: amapatsa mphamvu zambiri m'malo ochepa, komanso amafewetsa phala lolimba kuti mwana asavutike kumeza, popanda kulisungunula ndi madzi. Kutsamwa kumene ndinkaopa kuja sikunachitike ndi tsiku limodzi lomwe. Masiku atatu oyamba ankalavula, kumaso kukwinya ngati ndamupatsa mankhwala. Lachinayi anayamba kutsegula pakamwa supuni isanafike.

Ndinkalakwitsanso pa maulendo omudyetsa patsiku. Ndinkamudyetsa m'mawa ndi madzulo basi, pakatipa bere. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana woyamwa wa miyezi 6 mpaka 8 azidya kawiri kapena katatu patsiku, wa miyezi 9 mpaka 23 katatu kapena kanayi, n'kumalandiranso kena kotolatola pakati ngati akufuna. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira apo. Kotolatola kwathu kunali nthochi yakupsa, kachidutswa ka mbatata yophika, peyala likapezeka.

Nkhani ya ayironi ndiyo inandivuta kumvetsa, chifukwa simaoneka ndi maso. Mwana amabadwa ndi nkhokwe yake ya ayironi m'thupi, imene imayamba kutha akamafika miyezi 6, ndipo mkaka wa m'mawere uli naye wochepa. Nyemba, soya ndi masamba obiriwira zili naye, koma thupi limatapamo pang'ono poyerekeza ndi wa m'nyama, m'chiwindi kapena m'nsomba. Chimene chimathandiza n'kudyera limodzi ndi chakudya cha vitamini C: tomato, lalanje, gwafa, papaya. Chimene chimasokoneza ndi tiyi. Ine ndinali ndi chizolowezi chomumwetsako wamkulu tiyi wanga pomwe akudya, kuti chakudya chitsike. Ndinasiya. Ndipo ndinavomereza kuti zomera zokha sizingakwanitse zonse. Vitamini B12, mwachitsanzo, m'zomera mulibe. Choncho tinapangana ndi amayi ena oweta nkhuku kufupi nafe kuti azitisungira mazira sabata iliyonse, ndipo nkhuku ikaphedwa pakhomo chiwindi chimakhala cha ana. Bambo awo poyamba anadandaula mwanthabwala kuti awalanda udindo, koma anazolowera.

Panali kachiwerengero kamodzi kamene kanandithandiza kuposa malangizo ena onse. A WHO ndi UNICEF amagawa zakudya za mwana wa miyezi 6 mpaka 23 m'magulu 8, ndipo amati patsiku alaweko osachepera 5. Mkaka wa m'mawere ndi gulu palokha. Mbewu monga chimanga ndi mpunga pamodzi ndi zamizu monga mbatata ndi gulu lina. Kenaka nyemba, mtedza ndi zinzake, mkaka wa ziweto ndi zopangidwa kuchokera ku mkakawo, nyama ndi nsomba, mazira, zipatso ndi masamba a vitamini A wambiri, monga dzungu, karoti, mango ndi masamba obiriwira kwambiri, pomaliza zipatso ndi masamba ena onse. Usiku ndikamatsuka mbale ndinkawerenga pa zala za dzanja limodzi. Tsiku lija la kusikelo mwana wanga anali pa zala ziwiri, bere ndi chimanga, pamene magulu ena awiri anali m'kachipinda komweko, mayadi ochepa kuchokera pamene ankagona.

Mwezi wotsatira kadontho kanasuntha. Pang'ono, koma kanasuntha.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pomwepa, koma thumba la mtedza lija linandiphunzitsa phunziro lachiwiri, lodula. Ndinagula mtedza woswaswa kale, wooneka bwino, kwa mlimi amene ndinkamudziwa nkhope. Ndinaika thumbalo pansi pasimenti, litatsamira khoma, n'kuliiwala kupatula pokatapa. Mvula itayamba, apongozi anga anabwera kudzacheza. Ndikusinja nsinjiro za phala, iwo anatola kambewu kamodzi m'lichero, kukaswa ndi chikhadabo, kukanunkhiza, kenaka kukalawa n'kulavula.

"Mwanangu, mtedza uwu mukupatsa mwana?"

"Eya amayi. Bwanji?"

"Tabweretsani thumba lonse panja."

Titakhuthula pamphasa ndinaona zimene pamwamba sizinkaoneka. Chakumunsi, mbali imene inagunda khoma, mtedza unali utagwirana m'mibulu, wina wofota, wina wakuda, wina utavala ufa wobiriwira mwachikasu. Fungo lake ngati la chovala chimene chagonera m'madzi. Chinali chuku.

Ndinkaganiza kuti ndingosankha woipawo, wotsalawo n'kuukazinga kwambiri basi. Alangizi a zaulimi amene bambo a ana anawafunsa anatichenjeza kuti ayi. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene moto wa pakhomo sumupha, kaya mukazinge kaya muwiritse. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, amadziwika kuti amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo mwana, pokhala ndi kathupi kochepa, ndiye ali pachiopsezo chachikulu. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960, zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Nditamva zimenezi ndinasiya maganizo amene ndinali nawo opereka mtedzawo kwa amayi a nkhuku aja, amene mazira ake amabwereranso m'mbale ya mwana wanga. Thumba lonse tinakwirira. Ndinalira, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma poganiza masupuni angati a nsinjiro zimenezo amene ndinathira m'phala ndi manja angawa, ndikuti ndikumanga thupi la mwana.

Mlimi uja sindimuimba mlandu wonse. Mwina unali usanaume bwino, mwina anauwaza madzi kuti makoko afewe poswa, monga ena amachitira. Koma simenti ndi khoma lachinyontho zinali zanga. Safunsa anadya phula: ndinali ndi apongozi amene asunga mbewu moyo wawo wonse, ndipo sindinawafunsepo.

Tsopano mtedza ndimagula wamakoko. Ndimatenga wodzaza dzanja n'kuugwedeza pafupi ndi khutu. Wouma umalira tsekeretsekere. Ndimaswa wokwana sabata imodzi kapena ziwiri, n'kukhala pansi ndi lichero kusankha kamodzikamodzi. Wofota, wosweka, wobooka, wosintha mtundu, wonse kutaya, ngakhale mtima ukuwawa. Chimanga nacho chimagwidwa ndi chuku chomwechi, ndiye ndisanasunge ndimachiyesa ndi mchere. Mumatenga botolo lagalasi louma, kuthiramo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere wouma, kutseka, kukhutchumula kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi, chibwerere padzuwa. Matumba onse amakhala pathandala, osagunda pansi, osagunda khoma.

Anankafumbwe anatidyeraponso nyemba theka la thumba tisanadziwe za matumba osalowa mpweya. Amene timagwiritsa ntchito ndi a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America. Ali ndi mapepala apulasitiki awiri m'kati ndi thumba loluka kunja. Mumamanga lililonse palokha mutafinya mpweya, ndipo tizilombo timene tatsekeredwa m'katimo timafa tokha mpweya ukatha, popanda kuthira mankhwala. Pakhomo pa ana ang'ono, kusakhala ndi botolo la mankhwala a mbewu ndi mpumulo waukulu. Koma thumba lotere silikonza mbewu yonyowa, ndipo khoswe akaliboola latha ntchito.

Vuto lachitatu silinabwere mwadzidzidzi ngati awiriwa, linangokwawa. Zolimidwa kufupi zimabwera ndi nyengo yake n'kupita ndi nyengo yake. Pali miyezi imene tomato amaolera m'dengu, mango ana amachita kuponyerana, masamba mumapatsa aliyense wodutsa. Ndiye pali miyezi imene mumazungulira kwa alimi onse amene mumawadziwa n'kubwerako ndi kabichi mmodzi. Chaka choyamba miyezi yoteroyo inatipeza tili manja lende, ndipo zala zanga zowerengera zija zinabwerera pa zitatu.

Apanso anandiombola ndi apongozi. Anandiphunzitsa kufutsa masamba nthawi imene achuluka: kuwatsuka, kuwaviika m'madzi owira kwa mphindi zochepa chabe, kuwatsanula, n'kuwayanika pamalo okwera, podutsa mphepo koma posawomba dzuwa mwachindunji. Ine ndinkafuna kuyanika padzuwa lamphamvu kuti ziume msanga. Iwo anati, "Mukufuna masamba kapena udzu?" Ndinadzamva pambuyo pake kuti dzuwa lowomba mwachindunji limawononga zambiri mwa zimene thupi limasandutsa vitamini A. Mfutso wouma bwino umathetheka m'manja. Wina ndimausinja kukhala ufa n'kusunga m'botolo lotseka, ndipo kasupuni kamodzi m'phala la mwana sakazindikira n'komwe. Mango ndi tomato timadula mopyapyala n'kuyanika ataphimbidwa ndi kansalu kopyapyala kuti ntchentche zisatere. Maungu okhwima, osavulala, okhala ndi kaphesi kake, amakhala miyezi pamalo ozizira. Lija lothyoka kaphesi ndi limene muyambe kudya.

Pakamunda kathu ndinachotsa mzere umodzi wa tomato n'kudzalapo mbatata yofiira m'kati, ija ya mtundu wa karoti. Ili ndi vitamini A wochuluka moti kachidutswa kochepa kamamukwanira mwana tsiku lonse, ndipo ana amaikonda chifukwa chotsekemera. Akatswiri atatu amene analimbikira kuifalitsa mu Africa, Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low, analandira nawo mphoto ya World Food Prize mu 2016. Kwa ine ubwino wake wina ndi wakuti masamba ake ndi ndiwo, ndipo imakudikirani m'nthaka, mumakumba yokwana tsiku limenelo.

Wamkulu uja, amene panthawiyi anali ndi zaka zinayi, ndiye anali mdani wa ndondomeko yonseyi. Lilime lake linaleredwa ndi shuga. Dzungu ankati likununkha, nyemba ankati n'zakuda, masamba ankatola kamodzikamodzi n'kuika m'mphepete mwa mbale ngati akusankha miyala mumpunga. Ndinayesa kukalipa, ndinayesa kunyengerera ndi bisiketi, zomwe zinangomuphunzitsa kuti masamba ndi chilango ndipo bisiketi ndi malipiro. Chimene chinagwira ntchito n'chotopetsa kuchinena: kumuikira pang'ono m'mbale tsiku ndi tsiku, osanenapo kanthu, ife n'kumadya zomwezo iye akuona. Mwana amatha kukana chakudya chatsopano kakhumi kapena kupitirira asanachilandire, ndipo ambirife timagonja kachitatu. Bambo ake anamupatsanso phando lakelake la dzungu kuti azithirira. Dzungu loyamba la pamenepo analinyamula yekha kulowa nalo m'nyumba, akudzandira, ndipo analidya. Lija logula ankalikanabe kwa miyezi ina iwiri, ati si lake.

Pali tinthu tina tating'ono timene ndikanakonda wina akanandiuza msanga. Uchi, ngakhale wa mlimi wodalirika chotani, sapatsa mwana wosakwana chaka, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene m'matumbo a khanda timatulutsa poizoni wofooketsa thupi. Mtedza wathunthu umatsamwa ana ang'ono, uzisinjidwa. Nyemba zouma, makamaka zofiira, ziviikidwe usiku, madziwo atayidwe, ndipo zibwate mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Mbatatesi ikabiriwira khungu kapena kumera, si ya mwana. Masamba a m'munda wothira manyowa atsukidwe ndi madzi aukhondo ngakhale akuoneka oyera, pakuti kutsegula m'mimba kwa sabata imodzi kumabweza zonse zimene mwamanga mwezi wathunthu. Phala lotsala m'mawa, ngati lakhala maola opitirira awiri popanda furiji, musamupatsenso masana.

Ndipo pali zimene ndinasiya kulimbana nazo. Poyamba ndinkafuna kuti chilichonse cholowa m'poto chikhale cha kufupi, ngati mpikisano. Mchere unandichotsa mwano umenewo. Ayodini amene ubongo wa mwana umafuna pokula amadalira nthaka, ndipo kumene nthaka ili naye wochepa, mbewu zonse za kumeneko zimakhalanso naye wochepa, kaya zikhale zobiriwira chotani. Choncho mchere wa banja lonse ndimagula wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo ndimausunga wotseka. M'phala la khanda sindithira, iye amapeza kudzera m'bere. Mafuta ophikira ndimagula. Mkaka, pamene kwa oweta ng'ombe kulibe, ndimagula. Vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba zimene amapereka kusikelo sindidumphitsa ndi kamodzi komwe. Mnzanga wina anandiseka kuti ndiye zachilengedwe zanu zija zili pati? Ndinamuuza kuti ine ndikulera ana, sindikulera mfundo.

Za ndalama, inde timapulumutsa, makamaka pogula zambiri nthawi yokolola. Koma musanamizidwe kuti n'zaulere. Chimene simulipira ndi ndalama mumalipira ndi msana komanso nthawi. Kusankha mtedza, kupita kuchigayo, kufutsa, kuthirira, zonsezi zikagwera munthu mmodzi amene alinso ndi khanda kumsana, pakatha miyezi itatu abwerera kupaketi, ndipo ine sindingamuweruze. Kwathu zinatheka titagawana. Kuthirira, kuchigayo ndi kuyendera matumba Loweruka lililonse ndi za bambo a ana. Kusankha mtedza timachitira limodzi madzulo, lichero pakati, wailesi ikulira.

Wamng'ono uja tsopano ali ndi zaka zitatu. Sabata yatha ndinapita naye kwa mlimi wina kukaona mtedza wa chaka chino. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa kufunsa, iye anali atapisa kale kadzanja m'thumba, kutapa makoko atatu, kuwaika pakhutu n'kugwedeza, nkhope ili yoopsa ngati ya agogo ake. Mlimi uja anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Nanga bwanji abwana, wauma?"

Mwana anagwedezanso kachiwiri, n'kundiyang'ana.

"Amayi, sukulira."

Ndinagwedeza nanenso. Unalidi usanaume. Tinapangana kuti auyanikenso, tidzabwera Loweruka linalo.